Kutsitsa kutsogolo kwa Chikumbu osachipundula

Chikumbu changa, Volkswagen Beetle ija, ndi cha 1972, cha ku Uitenhage ku South Africa komwe amachitchula kuti Volla, fakitale ya kumeneko inapanga magalimoto amenewa kuyambira 1951 mpakana 1979. Ndinachigula chili chotsitsidwa kale kutsogolo, ndipo chikaima chimakongoladi, koma kuchiyendetsa kunali kulimbana nacho, hampu iliyonse kutsogoloku kumalira ngati wamenya mgolo, nde tsiku lina pa M1 cha ku Lunzu thiraki itandidutsa mphepo yake inandikankha mpaka tayala lakumanzere linaponda dothi, manja anga ali nganganga pa chiwongolero koma galimoto ikungopita kwake. Nditamasula ndinapeza kuti amene anatsitsayo anangosolola ma leaf, tizitsulo ta sipuling'i yakutsogolo tokhala mmapaipi awiri, mupaipi yapansi munatsala 6 mmalo mwa 10. Zinandipweteka mtima chifukwa galimoto imeneyi ikakhala bwino imayenda mofewa zedi. Nde apa ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinakonzera komanso mmene ndimatsitsira tsopano, kuti wina asadzaone zomwe ndinaona ine.

Yambani mwagwada kaye muone kunsi, mudziwe kuti muli ndi chani. Chikumbu chilibe masipuling'i opota aja kutsogolo, chili ndi beam, mapaipi awiri opingasa wina pamwamba wina pansi, mkati mwa paipi iliyonse muli mtolo wa tizitsulo tatitali tophwatalala, ndiye ma leaf amenewo, ogwidwa pakati ndi bawuti imodzi yotchedwa grub screw, kunsonga kwake kuli mikono inayi yoloza kumbuyo yomwe imanyamula tayala. Tayala likagunda mwala mkono umakwera, mtolo uja umapotoka kenako nkubwerera, sipuling'i yake ndi imeneyo basi. Polumikiza mikono ija ndi spindle, chitsulo chomwe tayala limazungulirapo, pali mitundu iwiri, za ku Germany zofika 1965 zili ndi link pin, kuyambira 1966 ndi ball joint. Koma Zikumbu za mtundu wa 1302 ndi 1303 zili ndi ma strut a masipuling'i opota mmalo mwa beam, zimenezo nkhani yake ndi ina, zomwe ndikulemba panozi sizikukhudza. Musadalire chaka cholembedwa pa mapepala, magalimoto awa adutsa mmanja mwa anthu ambiri, bodi ina pa chassis ina, ndipo ku South Africa kunali 1600S ya galasi lakutsogolo lokhota ngati 1303 koma kunsi ili ndi beam. Werenganinso mabawuti a tayala, asanu otalikirana aja a 5x205 kapena anayi a 4x130, chifukwa pogula zipangizo adzakufunsani zimenezo. Ine ndifotokoza ya ball joint poti ndi yomwe ndili nayo.

Musanagwire sipanala yezani. Galimoto iime pa simenti yosalala, matayala opopedwa mofanana, tengani tepi muyeze kuchoka pansi kudutsa pakati pa tayala mpaka mlomo wa madigadi, mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, mulembe pakhoma olo ndi choko. Yezaninso kuchoka pansi kufika pa paipi yapansi ya beam chifukwa ndi imene imayamba kupsopsona hampu. Kenako ganizirani msewu wa kwanu osati zithunzi za pa Facebook za anyamata a ku California, iwo aja amakhwekhwereza galimoto pa tala wosalala, ife tili ndi mahampu, maenje ndi msewu wafumbi wopita kumudzi. Ine ndimati masentimita 5 kapena 6 akwana, galimoto imaoneka yogwada bwino koma imakufikitsabe kunyumba.

Njira zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ma dropped spindle, awa ndi ma spindle omwe chitsulo chokhala tayala chinakwezedwa mmwamba ndi mainchesi awiri ndi theka, pafupifupi masentimita 6, nde galimoto imatsika koma mikono, ma leaf ndi mashoko zonse zimakhala pomwe Volkswagen inaziika, kufewa kuja sikusintha. Vuto lake ndi mtengo, kuitanitsa ku Johannesburg kapena ku UK, komanso amakankhira matayala kunja pang'ono nde tayala lalikulu limatha kukhula madigadi, ndipo muyenera kugula ogwirizana ndi mabuleki anu, a drum kapena a disc. Ngati thumba likulola gulani amenewo, ntchito yake ndi ya tsiku limodzi. Njira yachiwiri ndi ma adjuster, zitsulo zozunguliza mtolo wa ma leaf kuti msinkhu usinthe, owotcherera pakati pa mapaipi aja, ndi yotchipa koma yofuna manja odekha, ubwino wake mumatha kukweza kapena kutsitsa mmene mwafunira, dzinja likafika misewu itakumbika mumangokwezako. Imeneyi ndi yomwe ndinachita. Zosolola ma leaf, zotenthetsa mikono ndi moto wa gasi kuti ipindike, zoika matumba a mchenga mu boneti, chonde abale anga ayi. Ukachotsa ma leaf sipuling'i imafooka, otsalawo amanyamula katundu woposa mphamvu yawo, ndipo grub screw ija imene imagwira mkono kuti usasololoke imasowa poluma bwino. Umenewo ndi moyo wa anthu.

Kumasula tsopano. Chotsani waya wa batire kaye, ili pansi pa mpando wakumbuyo. Pingani matayala akumbuyo, masulani pang'ono mabawuti a matayala akutsogolo galimoto ikadali pansi, kwezani ndi jeke, muike ma stand pansi pa chassis kumbuyo kwa beam, osati pa beam peni peni chifukwa ndi imene mukuichotsayo. Ngati mulibe ma stand pezani zipika za mtengo wolimba zodulidwa mosalala, njerwa ayi, njerwa imaphwanyika osachenjeza. Thanki ya petulo ili mu boneti pamwamba penipeni pa beam nde iyenera kutuluka, khuthulani petulo muchigubu, masulani mabawuti anayi ogwira thanki, waya wa geji, kapaipi ka mafuta kunsi, ndi paipi yothirira ngati yanu ndi yothirira panja. Thanki imeneyo ndi chigubu chomwe mukazisiye kutali kwenikweni ndi pomwe mudzawotcherere, thanki yopanda kanthu ndi imene imaphulika koopsa chifukwa cha mpweya wa petulo.

Thanki ikachoka zonse zimaoneka poyera. Ku tayala lakumanzere kuli kebulo ya speedo yodutsa mkati mwa spindle, yagwidwa ndi kakilipi kakang'ono pa kachivindikiro ka pakati pa drum, chotsani kakilipiko muikoke kumbuyo. Nati ya spindle yakumanzereyo mazinga ake ndi obwerera, imamasukira kumene zinzake zimamangira, anthu ambiri amaiphwanya apa poikakamiza. Mabuleki, ine ndimachotsa drum ndi mbale yake yakumbuyo nkuipachika ndi waya mkati mwa madigadi kuti paipi ya rabala isanyamule kulemera, koma ngati mapaipi a rabalawo ali ndi ming'alu ingowamasulani mugule atsopano. Kenako ma tie rod, steering damper, ndi kambale ka rabala kolumikiza chiwongolero ndi steering box, pamenepo pamadutsa kawaya ka hutala, kakumbukireni pobwezera. Steering box yamangidwa pa paipi yapamwamba, ikani chizindikiro ndi penti pomwe yakhala musanaimasule. Mashoko atuluke, sway bar, chitsulo chochepetsa kupendekeka pokhota chogwidwa ku mikono yapansi, ituluke. Pa ball joint yapamwamba pali kachitsulo kosinthira camber, kupendekera kwa tayala mkati kapena kunja, kokhala ndi kamphako, onani komwe kamphakoko kaloza, kamayenera kuloza kutsogolo, jambulani ndi foni. Jambulani chilichonse ndithu, sabata ikatha mutu sukumbuka.

Ma spindle akachoka, mkono uliwonse uli ndi nati ya 19 ndi grub screw ya Allen key ya 8, masulani, menyani mkonowo pang'onopang'ono ndi hamala ya rabala utuluke, muulembe kuti wapamwamba kumanja, wapansi kumanzere, choncho. Masulani ma grub screw apakati musolole ma leaf, mtolo uliwonse muumange ndi tepi pomwepo, mulembe kuti wapamwamba kapena wapansi ndi mbali yomwe inali kumanja, chifukwa chitsulo chomwe chapotokera mbali imodzi zaka 50 sichifuna kutembenuzidwa. Awerengeni, pa ball joint akhale 10 paipi iliyonse, ngati ena ndi othyoka kapena palibe sakani mtolo wathunthu. Beam yagwidwa ndi mabawuti awiri ochokera ku bodi okhala ndi marabala, pansi pomwe panali thanki paja, ndi anayi akuluakulu a sipanala 19 olowa ku mutu wa chassis. Ikani jeke kunsi kwake ndipo pakhale mnzanu wogwirizira, ndi yolemera ndipo ikagwa imagwera pa mapazi.

Tsukani mkati mwa mapaipi ndi palafini mpaka girisi yense wakale atuluke, girisi amayaka moto wa welding ukamufika ndipo amaononganso chowotchereracho. Apa mupezerepo mwayi woyendera beam yonse, gogodani ndi sikuludiraiva kunsi kwa nsanamira zogwira mashoko zija, ndi mmene mumakhala madzi ndi matope, ngati chitsulo chikubooka ndi dzimbiri musataye ndalama pa beam imeneyo. Onaninso ngati siinapindike pa ngozi yakale, ikani chitsulo chowongoka motsatira paipi muone. Mkati muli ma bearing kunja ndi mabushi mkati mwake momwe mikono imazungulira, ngati mkono umagwedera musinthe pano beam ili pa tebulo.

Tsopano pamene pagona ntchito yonse. Ma adjuster alipo a mitundu iwiri, ena a mano aja otchedwa Avis umaboola mpata pa paipi nkumasula chogwira ma leaf cha mkati, ena umadula chigawo chapakati cha paipi nkulowetsapo adjuster yathunthu. Ine ndinagwiritsa ntchito odulawa. Musanadule jambulani mzere ndi chitsulo chosongoka motsatira utali wa paipi, kudutsa pakati penipeni pa bowo la grub screw, utalike mbali zonse kupyola pomwe mudule, mzere umenewu ndi umene udzakuuzeni pomwe galimoto inali poyamba, mukauiwala mwasochera. Yezani utali wa adjuster, muugawe pakati, mulembe mbali iyi ndi iyo kuchokera pa bowo lija kuti adjuster idzakhale pakati ndendende, zungulizani tepi pa paipi kuti mzere wodula ukhale wowongoka. Ndipo dulani paipi IMODZI yokha. Inzakeyo ndi imene ikugwira beam kuti isasunthe, mukadula zonse ziwiri nthawi imodzi mbali ziwirizo zimapotokana ndipo simudzazibwezanso mmene zinalili, galimoto izidzayenda chammbali ngati nkhanu moyo wake wonse. Ngati mwapita nayo kwa owotcherera, imani pomwepo muwauze bwinobwino kuti achimwene, imodzi kaye, chifukwa munthu wozolowera mageti ndi mawindo amafuna athane nazo msanga.

Mukadula, songolani milomo ya paipi ndi ya adjuster ndi grinder kuti pakhale kangalande koti chitsulo chosungunuka chilowe mpaka mkati. Lowetsani adjuster, ipanikizeni ndi zidutswa ziwiri za angle iron ndi ma clamp kuti ikhale mzere umodzi ndi paipi. Funso lomwe aliyense amafunsa ndi loti iloze kuti, nde mmalo moloweza chitani chonchi, lowetsani mtolo wa ma leaf, mangani grub screw ya adjuster, vekani mkono umodzi, kenako sunthani adjuster muone. Mbali yomwe ikukweza mchira wa mkono mmwamba ndiyo yotsitsa galimoto. Mukadziwa zimenezo, zungulizani adjuster yonse kuti ikakhala kumapeto kwake kokweza, grub screw igwere pa mzere munajambula uja, ndekuti pamwamba pake ndi msinkhu wa fakitale ndipo kwina konseko ndi kotsitsa. Onetsetsaninso kuti bawuti yosinthira ya paipi yapamwamba sidzagunda bodi pomwe pamakhala tayala la sipeya, ndipo kuti sipanala idzafikapo beam ili pa galimoto. Dziwani kuti mamilimita ochepa pa paipi amasanduka masentimita ku tayala chifukwa mkono ndi wautali, nde apa si poyeza ndi maso.

Gwirizitsani ndi timadontho ta welding tinayi kuzungulira mbali iliyonse, yesaninso ngati ma leaf akulowa ndi kutuluka osakakamira, asololeni, kenako wotchererani pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo, kusiya kuti pazizire, kansanza konyowa mutakulunga pomwe pali mabushi kuti asapse. Mukawotcherera mzere umodzi wautali osapuma paipi imakokeka nkukhota. Ikazizira yokha, osaithira madzi, chitani chimodzimodzi paipi yachiwiri, ndipo adjuster yachiwiriyo ikhale pa ngodya yofanana ndendende ndi yoyamba, apo ayi mtolo umodzi uzidzanyamula galimoto wokha winawo ukungokhala. Wowotcherera akhale wodziwadi ntchito, malo awiri amenewa ndi amene anyamule kutsogolo konse kwa galimoto, ngati chowotchereracho chikuoneka ngati zitosi za nkhuku chiperedwe ayambirenso. Pakani penti.

Pobwezera, pakani ma leaf girisi wambiri, mangani nsonga yake ndi kalabala kuti asabalalike polowa mu adjuster, zimafuna kuleza mtima, nthawi zina umayesa kakhumi. Pa mtolo pali timaenje, kamodzi pakati ndi kena kunsonga iliyonse, grub screw iliyonse ilowe mu kadzenje kake, suzumirani ndi tochi pa bowo mukaone musanamange, kenako nati yake ya 19 yolimba. Masilo a rabala a mikono ikani atsopano.

Apa pali chinthu chomwe anthu ambiri amadumpha, ndipo ndi chimene chinandikankhira kudothi ku Lunzu kuja, caster. Mukatsitsa mphuno kumbuyo kuli pomwepo, galimoto yonse imaweramira kutsogolo ndipo beam imaweramira nayo limodzi, nde kupendekera kumbuyo kuja komwe kumapangitsa chiwongolero kubwerera chokha pakati, ngati foloko ya njinga, kumachepa. Chikumbu injini ili kumbuyo, kutsogolo nkopepuka kale, caster ikachepa galimoto imayamba kusakasaka msewu ukafika pa 80, mphepo pang'ono yakutenga. Mankhwala ake ndi ma caster shim, tizitsulo tiwiri topindika ngati mwezi tomwe mumalowetsa pakati pa paipi yapansi ndi mutu wa chassis, kamodzi mbali iliyonse, timakankhira paipi yapansiyo kutsogolo nde kupendekera kuja kumabwerera. Ndi totchipa kuposa china chilichonse pa ntchito imeneyi. Mabawuti awiri apansiwo gulani otalikirapo komanso olimba, chifukwa akale aja saluma mazinga okwanira shim ikalowa. Onse anayi amangidwe pa 50 Nm, bwerekani torque wrench ngati mulibe.

Ma ball joint nawo ali ndi malire a momwe angapendekere. Mukatsitsa ndi adjuster mikono imakhala yokwera kale, nde pa bampu ball joint imafika pamapeto nkukakamira, ndipo ikamamenyedwa choncho tsiku ndi tsiku imatha kuzuka. Ngati mukupyola masentimita 5 gulani a long travel opangira magalimoto otsitsidwa, apamwamba ndi apansi ndi osiyana musawasokoneze, amalowetsedwa ndi puresi osati hamala, ndipo timipata take tiyang'anizane ndi zizindikiro za pa mkono. Mashoko akale amakhala atalika tsopano, amagunda pansi msanga, pezani aafupi, ndipo akhale a oilo osati a gasi, a gasi pa mphuno yopepuka ngati iyi amalimbitsa galimoto mpaka mano kugundana. A link pin inu mulibe vuto la ball joint koma muli ndi kanyanga ka rabala pakati pa mikono komwe mkono umagundapo, onani mpata watsala. Sway bar bwezerani, ngati ikulendewera pansi kwambiri kapena ikukhudza beam ilipo yopindidwira magalimoto otsitsidwa.

Zonse zikabwerera, ma spindle, ma tie rod ndi mapini ake atsopano, steering box pa chizindikiro chake, mabuleki, kebulo ya speedo, sinthani msinkhu matayala ali mmwamba, chifukwa kulemera kwa galimoto kukakhala pa ma leaf adjuster siisuntha ndipo mungoononga mazinga. Yambirani pafupi ndi pamwamba, sunthani ma adjuster onse awiri mofanana, mangani, tsitsani galimoto, ikankheni mamita angapo kutsogolo ndi kumbuyo, dinikizani bampa kangapo, ndiye muyeze ndi manambala a pakhoma aja. Thanki ikhale itabwerera ndi petulo wake poyeza. Ine ndinakweza ndi kutsitsa kanayi ndisanakhutire. Mukafika pomwe mukufuna mangani manati onse a adjuster, kwezaninso mupope girisi pa ma nipple anayi a beam mpaka ayambe kutuluka mmbali mwa mikono.

Kutsitsa kumasintha toe, momwe matayala akutsogolo alozera mkati kapena kunja, nde musatuluke pa geti musanayeze. Galimoto ili pansi, chiwongolero chili pakati, yezani mtunda wa pakati pa matayala awiriwo kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake pa msinkhu wofanana, kutsogolo kukhale kochepa ndi mamilimita ngati 3, mumasintha pozunguliza ma tie rod. Izi ndi zongokufikitsani kwa a alignment, kumeneko akaonenso camber, ndipo muwauze kuti kamphako kaja kasatembenukire kumbuyo. Potozani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse wina atakhala pa mpando, lowetsani dzanja muone ngati tayala likukhudza madigadi kapena chibakuli cha nyale, komanso ngati mapaipi a mabuleki sakukokeka kapena kukhula penapake. Tayala la 165 kutsogolo nthawi zambiri limakhula, la 145R15 limalowa bwino, ndipo mpweya musapope ngati minibasi, kutsogolo kwa Chikumbu kumafuna 18 psi basi. Chotsani mpweya mmabuleki ngati munamasula mapaipi, pondani pedulo muone kuti yalimba. Nyale nazo zaweramira pansi tsopano, ziimikeni pa khoma usiku muzikweze.

Ulendo woyamba ukhale wapafupi, pang'onopang'ono, windo lotsegula mukumvetsera. Pa msewu wowongoka wopanda anthu pondani buleki muone ngati ikukokera mbali, mukakhota onani ngati chiwongolero chikubwerera chokha mmanja mwanu, chikapanda kubwerera caster ikadali yochepa. Mukayenda makilomita ngati 100 kwezaninso, yenderani ma grub screw onse asanu ndi limodzi, mabawuti anayi a beam, manati a ball joint ndi mabawuti a matayala, muwalitsenso tochi pa malo owotcherera aja kusaka mng'alu, ndipo muyezenso msinkhu chifukwa ma leaf amakhazikika pang'ono. Changa chinatsikanso mamilimita angapo sabata yoyamba nde ndinabwezako pang'ono, pano chili pa masentimita 5 kuchoka pa msinkhu wa fakitale, ma leaf onse 20 ali mkati, ma shim ali mmalo, ndipo hampu yayikulu ya pafupi ndi kwathu ndimaikwera chopingasa pa giya yoyamba, tayala limodzi kaye kenako linzake, paipi yapansi osakhudza.